Zaka Zisanu za a Shukuru

Pa doko lathu, kumpoto pang'ono kwa Senga Bay, mukafunsa kuti munthu wosaugwira mtima kuposa onse ndani, anthu sachedwa kuyankha. Amakulozerani nyumba ya malata yoyandikana ndi mzikiti, ya a Shukuru Maulidi. Bambo amenewa mango amathyola akadali osakhwima n'kumadya ndi mchere. Akakwera kabaza, njinga ikangolowa pa mchenga amatsika n'kuyamba kuyenda wapansi, ati wopalasayo akuwachedwetsa. Tsiku la Ijumaa, shehe akamamaliza mawu otsiriza, iwo maso ali kale pa nsapato zawo. Akazi awo, a Hidaya, amati chikwatiranireni sanawaonepo akudya mbatata yopsa bwino, chifukwa amavundukula poto n'kutola yapamwamba ikadali gwa.

Ndiye mumvetse chifukwa chake anthu anaseka mpaka kugwira nthiti tsiku limene munthu ameneyu anaimirira pa msonkhano n'kupempha mudzi wonse kuti udikire zaka zisanu.

A Shukuru anayamba usodzi akupalasa bwato la amalume awo. Atakula anapeza boti lawolawo la matabwa, machera angapo ndi khoka limodzi. Chaka chilichonse mvula ikatha ankapita ku chilumba cha Mbenji limodzi ndi anzawo. Kumeneko lamulo ndi lakalekale: nyengo ya mvula palibe woponya ukonde, chilumba chimapuma. Iwo ankalimvera lamulolo poti panalibe kuchitira mwina, koma miyezi yonse yotsekayo ankangong'ung'udza. Mkwiyo wake ankauphwetsera pa madzi a kwathu. Ku thumba la khoka lawo anasokererako neti ya udzudzu, ija imakokolola chilichonse, ngakhale kasawala, tiana ta chambo tosakwana ndi chala chomwe. Sanali okha. Ambiri pa dokopo ankatero. Wina akawafunsa a Shukuru, ankayankha mwachidule: "Ndikamusiya ine kasawalayu, mawa amukola Chrispin."

A Chrispin Mbewe anali mnzawo wa kuyambira pa unyamata, munthu wa ku midzi ya kumtunda amene anadzakwatira kunyanja n'kukhazikika. Awiriwa ankapikisana pa chilichonse, kuyambira kukula kwa nsomba mpaka liwiro la kupalasa.

Zinthu zinasintha chaka chimene Salma, mwana woyamba wa a Shukuru, anakwatiwa ndi mnyamata wokonza mafoni wa ku Lilongwe. Pokambirana za mwambo, a Shukuru anadziguguda pachifuwa pamaso pa bambo a mnyamatayo, a Mohamed.

"Asewere, mukawauze abale anu onse abwere osadya. Kuno ndi kunyanja. Aliyense adzadya chambo chakechake, chathunthu, mutu ndi mchira."

Sabata ya ukwati itafika, anatchera machera, anakoka khoka, anayendera madoko oyandikana nawo. Chambo chimene anapeza sichikanakwana ngakhale akuluakulu a pa mkeka woyamba. A Hidaya anakwera minibasi kupita ku boma, n'kubwerako atasenza thumba la soya pisi.

Alendo aja anabweradi osadya. Anakhala pa mikeka moyang'ana nyanja, mbale za mpunga zikudutsa, pamwamba pake pali soya wothira bwino tomato. A Mohamed, munthu waulemu ndi wolankhula motsitsa mawu, anatafuna pang'onopang'ono, anapukuta pakamwa, n'kuweramira kwa mnzawo.

"Asewere, Alhamdulillah, tadya. Koma chambo chanu chakuno ndachikonda. Chilibe minga."

Sananene mokweza, koma amene anali pafupi anamva, ndipo pofika mawa lake doko lonse linali litamva. Kuyambira pamenepo dzina la a Shukuru linasanduka Che Soya. Amayi a pa mathandala oyanikira usipa ankawapatsa moni ndi dzina limenelo, nkhope zili zolungama ngati sakudziwa kanthu.

Kwa nthawi ndithu bamboyo anangoti zii, zomwe zinawadetsa nkhawa a Hidaya kuposa phokoso lawo la masiku onse. Tsiku lina m'mawa anawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mango ndi mpeni, akusomphola neti ya udzudzu ija ku khoka.

"Abambo ake Salma, mwatani?"

"Palibe. Yang'ambika."

Sinali yong'ambika, koma a Hidaya anangobwerera ku ntchito zawo.

Masiku amenewo pa doko pankabwera mlangizi wa za nsomba, mtsikana woyenda pa njinga yamoto dzina lake Happy. Asodzi ambiri akamuona ankabisa maukonde. A Shukuru anachita kumuitana. Anamufunsa chifukwa chake ku Mbenji utaka umadzaza maboti chaka ndi chaka, pamene kwathu kuno chambo chatha ngati chinachita kusamuka.

Happy anakhala pa mphepete pa boti n'kufotokoza. Anati kutseka nyanja kwa miyezi ingapo kumathandiza, koma chambo chimakula mochedwa. Chimakumba zisa pa mchenga wa m'madzi osaya, ndipo make amasunga tiana m'kamwa mpaka titakhwima. Khoka likamadutsa pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku limafafaniza zisazo. Anati madoko ena anapatula malo amodzi oti asamaphepo nsomba n'komwe, kuti zizibadwira m'menemo.

"Ndiye zimatenga nthawi yaitali bwanji?" anafunsa a Shukuru.

"Kuti muone kusintha kwenikweni, bambo, zaka zinayi kapena zisanu."

"Ya miyezi isanu palibe?"

"Palibe."

"Nanga tikaziponyera madeya?"

"Palibe, bambo."

Msonkhano wa komiti ya pa doko unachitikira pafupi ndi mathandala. Wapampando anali mayi Dailes Chimbalanga, ogulitsa usipa wouma ku misika ya ku Lilongwe, munthu amene sakweza mawu chifukwa safunika kutero. A Shukuru anaimirira n'kunena maganizo awo: kuchokera pa mwala waukulu umene akakowa amaterapo kukafika pa bango la kumpoto, pasalowe khoka, machera ngakhale mbedza, kwa zaka zisanu.

Kenako a Chrispin anafunsa, "Zaka zingati, Che Soya?"

"Zisanu."

"Inuyo? Inu amene munazula chinangwa cha miyezi itatu kuti muone ngati chayamba kubereka?"

Phwete linabuka. Ena anachita kukhala pansi. Mayi Dailes anadikira kuti litsike, n'kufunsa funso limodzi lokha: ndani mwa asodziwo anapha chambo chooneka pamalo amenewo chaka chathachi? Palibe anakweza dzanja.

"Ndiye tikutseka malo opanda kanthu," anatero mayiwo. "Palibe chimene tikutaya. Tiyeni tiyese."

Kunena zoona, ambiri anavomera pofuna kuona kuti a Shukuru apirira mpaka liti. Anawasankha kukhala mlonda wa malowo. Koma mayi Dailes sanafune kuti zithere pa nthabwala. Anayala dongosolo pamaso pa onse: chaka choyamba kuika malire ndi kuponya miyala ndi nthambi m'madzimo kuti nsomba zipeze pobisala, chaka chachiwiri kuchotsa maneti a udzudzu pa doko lonse, ndipo chaka chachisanu chikadzatha adzakhalenso pansi. Wopezeka akupha nsomba m'malo otsekawo chilango chake chidzakhala kututa miyala ku phiri, kuikweza m'boti ndi kukaiponya komweko.

A Shukuru anayamba tsiku lomwelo. Anayenda khomo ndi khomo kupempha zigubu zachikasu za mafuta ophikira, anazimangirira zingwe ndi miyala, n'kuzindandalika pa madzi kuti zikhale malire. Anagula mandala osambirira kwa anyamata operekeza alendo ku Senga Bay. M'mawa uliwonse ankapalasa kukafika pakati pa malowo, n'kudumphira m'madzi kukaona ngati chambo chabwera. Munthu wa imvi, wavala mandala obiriwira, akutulukira pamwamba n'kumapemerera madzi ngati mvuu, amayi a pa mathandala ankasiya ntchito kuti aonerere.

Mwezi usanathe anamuimbira foni Happy. "Mwana wanga, njira yako ija sikugwira. Ndayang'ana paliponse. Kulibe kanthu."

Happy atabwera n'kumva zimene zinkachitika, anapempha komiti kuti iwonjezere lamulo lina: mlonda azilondera ali kunja kwa malire, asamasokoneze nsomba. Mandala aja anakasungidwa kunyumba kwa mayi Dailes.

Chaka choyamba chinapita choncho. Mwera unawomba n'kudula zingwe, zigubu zina zinakatuluka ku gombe, ndipo pasanapite nthawi zinayamba kuoneka pa mjigo zili pamitu pa anthu. A Shukuru anazipaka zotsalazo penti yofiira kuti aliyense wotungira madzi m'chigubu chofiira adziwike. Anasiya kupita ku Mbenji chaka chimenecho, boti anatumiza ndi ana a mlongo wawo, iwo n'kutsala kumakhala pa mwala uja pamodzi ndi akakowa. A Hidaya ankati mbalamezo zinafika powazolowera moti sizinkauluka.

Chakumapeto kwa chaka chachiwiri, tsiku lina masana, a Hidaya anawaikira patsogolo chambo chowotcha, chachikulu kusefukira m'mbale. A Shukuru sanafunse kanthu. Anadya mbali imodzi, anatembenuza, anadya inayo, anaswa mutu n'kuupsopsona. Atasamba m'manja ndi pamene nzeru zinawabwerera.

"Amake Salma, chambo chimenechi mwachipeza kuti?"

"Ndagula kwa a Chrispin."

"Chrispin wachipha kuti?"

"Ine sindinafunse. Inunso simunafunse."

Anapalasa nthawi yomweyo kukayendera malire. Chigubu cha pakona ya ku bango chinali chitasuntha, chalowa m'kati ndithu, ndipo si mphepo imene inachisuntha, chifukwa mwala wake unali womangidwa bwinobwino ndi mfundo yatsopano.

Mlandu unakambidwa pa mathandala pomwe paja. A Chrispin anakana mlandu, ati iwo anatchera kunja kwa chigubu, ndipo zimenezo zinali zoona, kungoti chigubucho anali atayamba achikankha. Atapanikizidwa anafunsa kuti, "Chabwino, nanga nsomba imene mukuti ndinabayo ili kuti? Ibwere pano tiione."

Anthu onse anatembenukira kwa a Shukuru. A Hidaya, ali pakati pa amayi, anayankha mosakweza mawu kuti mutu wokha ndi umene unavutako pang'ono, koma nawonso unatha.

Mayi Dailes anagamula kuti wopha ndi wakudya atute miyala limodzi. A Shukuru anatsutsa kuti iwo sankadziwa. Mayiwo anati mlonda amene amadya kaye n'kufunsa pambuyo ayenera kuphunzira kufunsa. Za wophika sizinatchulidwe.

Anatuta miyalayo masiku angapo, amuna awiri akuluakulu, osalankhulana. Tsiku lomaliza, ali m'bwato la a Chrispin pakati pa madzi, a Chrispin ndi amene anayamba.

"Shukuru, iwe uli ndi boti ku Mbenji, ana a mlongo wako akukutumizira utaka. Ine ndili ndi bwato ili ndi machera awiri. Kwanga kuli adzukulu. Ndiwauze kuti adye chaka chachisanu?"

A Shukuru anaponya mwala m'madzi, anauyang'ana ukumira.

"Chaka chamawa ukwere boti langa," anatero potsiriza. "Ukagwire ku Mbenji, tizigawana. Koma zigubu zanga uzisiye."

Anapalasa pang'ono, kenako anafunsa motsitsa mawu, ngati kuti akakowa angamve. "Koma m'menemo, Chrispin, zilimo zambiri?"

"Zilimo."

"Zazikulu ngati chija?"

"Zina kuposa."

Akuti a Shukuru anaseka okha njira yonse mpaka ku gombe, moti anthu anadabwa kuti chilango chawakomera bwanji.

Chaka chachitatu chinali chowawa. Usipa unasowa, mathandala anakhala opanda kanthu kwa nthawi yaitali, ndipo anthu anayamba kuyang'ana ku zigubu zofiira zija ndi diso lina. Gulu la asodzi linapita kwa mayi Dailes kukapempha kuti atsegule, ngakhale sabata imodzi yokha. Mayiwo nawonso malonda anali ataima, ndipo sanabise. Anaitanitsa msonkhano, anamuitana Happy, n'kutulutsa mandala aja m'chitenje. Anati asodzi atatu amene akulimbikira kwambiri kuti kutsegulidwe alowe m'madzimo mmodzimmodzi, akaone okha.

Woyamba anatuluka n'kunena kuti pansi ponse pali timaenje tozungulira ngati mbale zoyalidwa pa ukwati. Wachiwiri anati waona chambo chikulavula tiana, iye atayandikira tonse tinathawiranso m'kamwa mwa make. Wachitatu anakhalitsa, ndipo atatuluka anangobweza mandala. A Shukuru anali pa mwala, akudzuka n'kukhalanso, akupempha kuti nawonso awalole kamodzi kokha. Sanawalole.

Sikuti onse anakhutira. Ena anachoka akung'ung'udza, ndipo banja lina linasamukira ku doko lina. Koma malowo sanatsegulidwe. Pofika chaka chachinayi, machera otcheredwa kunja kwa malire anayamba kukola chambo chooneka, osati chodzaza boti ayi, koma choti munthu n'kupita nacho ku msewu osachita manyazi. Ogula ochokera ku boma amene anali atasiya kufika pa doko lathu anayambanso kuoneka ndi mabokosi awo a ayezi. A Chrispin, atabwerako ku Mbenji, anapempha okha kuti akhale mlonda wachiwiri, ati amadziwa bwino mmene anthu osuntha zigubu amaganizira.

Chaka chachisanu chili pakati, a Shukuru anayamba kukonzeka. Anamata boti, analipaka penti. Anagula machera atsopano a maso akuluakulu n'kuwapachika pakhonde pomwe aliyense wodutsa ankawaona. Ankauza aliyense kuti tsiku lotsegula iwo ndiwo adzakhale oyamba kulowa, popeza ndiwo adikira kwambiri.

Msonkhano utafika anavala mkanjo woyera ndi kofia. Mayi Dailes asanamalize malonje, iwo anali ataimirira kale.

"Abale anga, tinagwirizana zaka zisanu. Zakwana. Munkati sindingathe, ndatha. Inshallah mawa m'mawa tichotse zigubu."

Anayembekezera kuomberedwa m'manja. M'malo mwake anaimirira a Chrispin.

"Ine ndikuti zigubu zikhale."

A Shukuru anawayang'ana ngati sakuwadziwa.

"Chambo chimene tikupha kunjaku chikuchokera m'katimo," anapitiriza a Chrispin. "Tikalowamo tonse ndi maukonde, mwezi umodzi tidya bwino, wachiwiri tibwerera kumene tinali. Ine ndinalowamo kamodzi, ndikudziwa mmene zimakomera. N'chifukwa chake ndikuti musatilole."

Amayi ogula nsomba anavomereza. Mmodzi wa iwo, Nancy, amene amawotcha chambo pa msewu, anawonjezera kuti ndibwino apatulenso malo ena kumwera kwa doko, oti azitseka ndi kutsegula mosinthana ngati ku Mbenji, koma a pa mwalawa asakhudzidwe kwa zaka zina khumi.

"Khumi!" anakuwa a Shukuru. Anatembenukira kwa Happy. "Mwana wanga, suja unati zisanu?"

"Ndinati pa zaka zisanu muona kusintha, bambo. Mwakuona. Za kutsegula sindinanene."

Mayi Dailes anati ofuna kuti malowo akhalebe otseka akweze manja. Manja anakwera mbali zonse. A Shukuru anayang'ana kumene kunakhala amayi, ndipo dzanja la a Hidaya linali m'mwamba, lowongoka bwino. Ofuna kutsegula anali a Shukuru ndi anthu ena owerengeka, ena mwa iwo omwe aja ankabisa maneti a udzudzu. Ataona anzawo amene aima nawo, anatsitsa dzanja pang'onopang'ono n'kunyamuka, osatsanzika.

Anakhala masiku angapo osafika pa doko. A Hidaya akuti ankangokhala pakhonde moyang'anizana ndi machera atsopano aja. Madzulo ena anawafunsa akazi awo chifukwa chake anawachititsa manyazi pagulu.

"Abambo ake Salma, zaka zonsezi mwakhala mukutiuza kuti nsomba zimabadwira m'menemo. Ife tinamva. Mwina amene sanamve ndinu."

M'mawa mwake a Shukuru anatsitsa machera aja pakhonde, anawakweza m'boti, n'kukawatchera kunja kwa malire, pafupi kwambiri ndi zigubu moti a Chrispin anapalasa kudzaona.

"Shukuru, wayandikira."

"Ndili kunja."

"Mphepo ikawomba, ukondewu ulowa m'kati."

"Ikawomba ukaiimbe mlandu mphepoyo."

Anakangana mpaka dzuwa linakwera, kenako a Chrispin anawathandiza kusuntha macherawo pang'ono, ndipo pobwerera anagawana zimene zinakola.

Lero malo a pa mwala akadali otseka. A kumwera aja komiti inawapereka m'manja mwa Nancy kuti aziwayang'anira, poti mayi Dailes anati a Shukuru mawondo ayamba kuwavuta, apumeko. Iwo anavomera pamsonkhano ndi mutu wokha. Mawa lake Nancy anawapeza pa gombe la kumwera atafika kale, ali ndi chingwe ndi kachitini ka penti yofiira, akumuuza pamene malire ayenera kudutsa. Ndipo m'mudzi muno masiku ano, mayi akagula mafuta ophikira, chigubu chake amachisunga kuchipinda, kuti a Shukuru asachione.